NMN, timapaketi ta "stem cell", kolajeni ndi retinol: mwa zobweza ukalamba zomwe zadzaza mu Lilongwe, choyenera ndalama yanu ndi chiti?

M'mafamase ena a ku Old Town ndi m'mashopu a zodzoladzola muli shelefu yomwe kale kunalibe. Pali mabotolo oyera olembedwa NMN, zitini za ufa wa kolajeni ndi timabotolo ta retinol. Pa WhatsApp napo pali amayi ndi abambo ogulitsa timapaketi ta "stem cell", amene amakubweretserani mpaka pa ofesi ku City Centre. Onsewa lonjezo lawo ndi limodzi, loti maselo anu abwerera ku unyamata. Zinthu zinayizi taziyeza pa sikelo imodzi: zomwe zalembedwa pa lebulo, zomwe zimachitika zikalowa m'thupi, ndi zomwe kafukufuku wapeza mwa anthu, osati mwa mbewa zokha. Chomwe chili ndi umboni wogwirika ndi chimodzi, ndipo ndi chomwe ogulitsa sachichemerera kwambiri.

Ogulitsawa sakunama akamati asayansi ali kalikiliki kufufuza za kukalamba kwa maselo. Mu 1961, Leonard Hayflick ndi Paul Moorhead a ku Wistar Institute, mu mzinda wa Philadelphia, adaonetsa kuti maselo a munthu akawalera mu labotale amagawikana maulendo pafupifupi 50, kenaka amaima. Chimodzi mwa zifukwa zake chili kunsonga kwa makromosomu, timitolo ta DNA ta m'selo, komwe kuli kachigawo ka DNA kotchedwa telomere. Ntchito yake ili ngati ya mpendero wa chitenje: sumakongoletsa nsalu, koma ukatha ulusi umayamba kusololoka. Selo likagawikana, mpenderowo umafupika pang'ono. Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak adalandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa chofotokoza momwe ma telomere amatetezera makromosomu, komanso za telomerase, enzayimu yomwe imawatalikitsanso. Apa mpofunika kumvetsetsa, chifukwa malebulo ena amadzitama kuti "amatalikitsa ma telomere". Khansa zambiri, pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, zimadalira telomerase yomweyo kuti maselo ake azigawikana osatopa. Malire omwe Hayflick adapeza ndi mpanda umene umatitchingira ku zotupa, si vuto lokha ayi.

Selo lomwe laleka kugawikana silifa msanga. Limakhala pomwepo n'kumatulutsa timadzi toyambitsa kutupa, tomwe timafooketsa maselo oyandikana nalo. Paja akuluakulu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mu 2011, gulu la Darren Baker ndi Jan van Deursen ku Mayo Clinic lidachotsa maselo oterewa mwa mbewa zomwe adazisintha majini, ndipo ng'ala ya m'maso ndi kufooka kwa minofu zidachedwa kubwera. Komabe maselo okalambawa amathandizanso kuti bala lipole, choncho si ongosesa onse. Ndipo ukalamba sulowera khomo limodzi. Mu 2013 Carlos López-Otín ndi anzake adatchula njira 9 zomwe thupi limakalambira, ndipo mu 2023 adaziwonjezera kufika pa 12. Kapisozi mmodzi sangatseke makomo onsewo.

Tiyambe ndi NMN, chifukwa ndi yomwe ili ndi nkhani yokoma kwambiri. M'selo lililonse muli kanthu kotchedwa NAD+, kamene kamagwira ntchito ngati wakabaza: kamanyamula mphamvu yochokera m'chakudya kupita nayo ku mitochondria, tizigawo ta selo tomwe timaipatsa mphamvu yogwirira ntchito, n'kubwerera kukatenganso ina. Ma enzayimu okonza DNA yowonongeka nawonso amakadya. Mwa nyama zokalamba NAD+ imachepa m'ziwalo zingapo, ndipo NMN ndi chimodzi mwa zipangizo zomwe thupi limapangira NAD+. Mbewa zopatsidwa NMN zidaonetsa kusintha kwabwino pa shuga wa m'magazi ndi pa mphamvu zothamangira. Mpaka apa zonse n'zoona.

Nanga mwa anthu? Kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri adasindikizidwa mu 2021 ndi gulu la ku Washington University, mu mzinda wa St. Louis. Adatenga amayi 25 osiya kusamba, onenepa, omwe shuga wawo adali atayamba kukwera. Ena adamwa mamiligalamu 250 a NMN tsiku lililonse kwa masabata 10, ena adamwa makapisozi opanda mankhwala. Minofu ya omwe adamwa NMN idayamba kumvera insulin bwinoko. Koma shuga wa m'magazi, BP ndi mafuta a m'magazi sizidasinthe. Anthu 25, masabata 10. Akafukufuku ena aang'onoang'ono aonetsa kuti NMN imakwezadi NAD+ m'magazi, ndi kuti anthu ambiri saona chovuta akaimwa kwa miyezi yochepa. Kukwera kwa nambala ya m'magazi si kutalika kwa moyo. Mnzake wa NMN wotchedwa nicotinamide riboside adamuyesa mu Interventions Testing Program, pulogalamu ya boma la America yomwe imayesa mankhwala pa mbewa zambiri m'malabotale atatu nthawi imodzi, ndipo mbewazo sizidakhale moyo wautali kuposa zinzake.

Njira imeneyi idayendedwapo kale ndi resveratrol, yopezeka m'makoko a mphesa zofiira. Dzina lake lidamveka dziko lonse mu 2006 chifukwa cha kafukufuku wa David Sinclair wa ku Harvard pa mbewa zodyetsedwa mafuta ambiri. Mu 2008 kampani ya GlaxoSmithKline idagula kampani ya Sirtris pa madola 720 miliyoni poyembekezera mankhwala a ukalamba, koma pofika 2013 idatseka malo a Sirtris. Resveratrol nayo itayesedwa mu pulogalamu ya mbewa ija siidatalikitse moyo. Mpaka lero ikadali pa shelefu, nthawi zina m'botolo limodzi ndi NMN.

Tsopano litengeni botolo la NMN lija m'manja. Kutsogolo kumalembedwa "500 mg" ndi zilembo zikuluzikulu. Litembenuzeni. Kawirikawiri mupeza kuti 500 mg imeneyo ndi ya makapisozi awiri, kutanthauza kuti botolo la makapisozi 60 ndi la masiku 30 osati 60. Gawani mtengo ndi 30, kenaka chulukitsani ndi 365, chifukwa wogulitsa akuuzani kuti musamadukize. Yang'anani nambala ya batch, yosonyeza gulu la mabotolo opangidwira limodzi, ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo zikhale zodindidwa pa botolo, osati pa kapepala komata pamwamba. Funsani chikalata cha labotale yoima payokha chomwe nambala yake ikufanana ndi ya botolo lanulo. Tikulimbikira izi chifukwa mu 2021 kampani ya ChromaDex idayeza mitundu 22 ya NMN yogulitsidwa pa intaneti, ndipo 14 idapezeka ndi NMN yosakwana 1 peresenti ya yomwe idalembedwa. Kampaniyi imagulitsa mankhwala opikisana ndi NMN, choncho zotsatirazo muziwerenge mukudziwa zimenezo, komabe zikuonetsa kuti lebulo si umboni. Palinso nkhani ya kasungidwe. NMN imawonongeka ndi kutentha komanso chinyezi. Botolo lomwe lakhala pa windo la shopu mu Okutobala, kapena lazungulira mu buti ya galimoto kuchoka ku Area 25 mpaka ku Area 36, musaligule. Mukatsegula kapisozi n'kupeza ufa wogundana ngati shuga wa nthawi ya mvula, chinyezi chidalowa kale.

Chomwe wogulitsa sangakuuzeni n'chakuti thupi limapanga NAD+ kuchokera ku vitamini B3, ndipo dziko lino likudziwa bwino zomwe zimachitika ikasowa. Matenda ake ndi pellagra: khungu limada n'kukhakhala pakhosi ndi kunja kwa manja komwe kumawomba dzuwa, munthu amatsekula m'mimba, mutu umasokonezeka. B3 ya m'chimanga ndi yomangika, thupi silitha kuitenga bwino. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala pellagra kuno ku Malawi, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Bambo amafunika mamiligalamu 16 a B3 patsiku, mayi 14, ndipo magalamu 100 a mtedza amakhala ndi pafupifupi 12. Nsinjiro m'ndiwo zamasamba, usipa, nyemba, nyama ya nkhuku ndi chiwindi, zimenezo ndiye zipangizo za NAD+ zomwe munthu wa nsima tsiku ndi tsiku akufunikadi. Mtedzawo ukhale wosankhidwa bwino, wopanda chuku. Chigamulo chathu pa NMN: sayansi yake ndi yeniyeni, koma umboni woti imachedwetsa ukalamba wa munthu palibe. Sitikulangiza kuti mugule.

Timapaketi ta "stem cell" ndi tomwe tikutidetsa nkhawa kuposa zonse. Ma stem cell ndi maselo otha kusanduka maselo a mitundu ina. Bokosi limakhala ndi timapaketi 15, ndipo malangizo ndi oti muthire ufawo kunsi kwa lilime m'mamawa musanadye. Werengani zosakaniza: ufa wochokera ku maselo a apulo ndi mphesa, madzi a zipatso oumitsidwa, vitamini C, ndi zotsekemeretsa. Selo la apulo, ngakhale likadakhala lamoyo, limadziwa kupanga mtengo wa apulo basi. Silingasanduke selo la impso kapena la bondo lanu. M'kapaketimo ndi louma kale, ndipo likafika m'mimba limagayidwa ngati chipatso china chilichonse.

Chithandizo chenicheni cha ma stem cell chilipo. Chodziwika kwambiri ndi kusintha mafuta a m'mafupa kwa odwala khansa ya m'magazi kapena sickle cell, ntchito ya m'zipatala zikuluzikulu yomwe imafuna wopereka wogwirizana naye thupi, ndi masabata angapo wodwala ali m'chipinda chotetezedwa ku tizilombo. Kubweza selo ku unyamata nako kudatheka, koma mu labotale. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto adaonetsa kuti majini anayi, Oct4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc, amabweza selo lokhwima kukhala ngati la mluza, ndipo adalandira Nobel mu 2012 pamodzi ndi John Gurdon. Mu 2016 gulu la ku Salk Institute lidayesa kuyatsa majiniwa masiku awiri n'kuwazimitsa masiku asanu mwa mbewa zokalamba msanga, ndipo zidakhala moyo wotalikirapo. Adachita kuyatsa ndi kuzimitsa chifukwa akawasiya oyaka, maselo amaiwala ntchito yawo, zotupa zimamera, ndipo nyama imafa. Chinthu chovuta chonchi sichingabwere m'kapaketi ka kunsi kwa lilime.

Ufawo pawokha mwina sungakupwetekeni. Choopsa ndi mawu omwe amabwera nawo. Wogulitsa amatchula shuga, BP, sitiroko, khansa ndi kusabereka mu mpweya umodzi, ndipo wodwala akayamba kumva kuipa amamuuza kuti "ndi poizoni akutuluka, pitirizani." Munthu wa shuga akasiya metformin kapena insulin, maso ndi impso zimawonongeka mwakachetechete. Wa BP akasiya mapiritsi, sitiroko siichenjeza. Yemwe ali pa ma ARV akadukiza, kachilombo kamachulukanso m'masabata ochepa, ndipo kakhoza kuleka kumva mankhwalawo. Kutupa kosatha komwe HIV yosaletsedwa imabweretsa ndi kumene kumakalambitsa msanga chitetezo cha m'thupi, kotero kwa munthu ameneyu mankhwala oteteza maselo ake ndi ma ARV omwewo. Mayi wopeza chotupa m'bere, miyezi itatu yomwe angathere pa timapaketi ndi miyezi yomwe akadakhala ataonedwa kale ku Kamuzu Central Hospital. Mtengo wa timapaketiti umakweranso chifukwa aliyense pa mndandanda wa ogulitsa, kuyambira yemwe adakulowetsani mpaka wapamwamba, amadyapo yake. Chinthu chilichonse chomwe chikulonjeza kuchiza matenda chiyenera kukhala cholembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Funsani umboni wa kulembetsako. Timapaketi iti tasiyeni.

Kolajeni sitichedwapo. Ndi puloteni yomwe imalimbitsa khungu ndi minyewa, ndipo imachepadi munthu akamakula. Ufa wa m'chitini umachokera ku zikopa za ng'ombe kapena za nsomba, ndipo mlingo wake umakhala magalamu 2.5 mpaka 10 patsiku. Ukafika m'matumbo umaphwanyidwa kukhala tizidutswa tomwe thupi limatumiza komwe lafuna, osati kumaso kokha. Akafukufuku ena aonetsa kufewa pang'ono kwa khungu pakatha masabata 8 mpaka 12, koma ambiri mwa iwo adalipiridwa ndi makampani ogulitsa kolajeniyo. Ndi yosaopsa kwa anthu ambiri, kupatula omwe nsomba zimawawenga ngati ili ya nsomba. Msuzi wa mang'ina kapena wa zipalapasiro wowiritsidwa nthawi yaitali uli ndi puloteni yomweyo. Ndipo thupi silingaluke kolajeni popanda vitamini C, yemwe ali wambiri m'magwafa ndi m'malambe.

Chomwe chapambana pa zinayi zonsezi ndi retinol, koma pokhapokha ikayendera limodzi ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Retinol ndi mtundu wa vitamini A. Ikalowa pakhungu imasanduka retinoic acid, yomwe imauza maselo kuti apange kolajeni watsopano ndi kuchepetsa ma enzayimu omwe amamudula. Mankhwala amphamvu a banja lomweli, tretinoin, adaonetsedwa mu 1988 ku University of Michigan kuti amachepetsa makwinya ang'onoang'ono obwera ndi dzuwa, ndipo akafukufuku ambiri atsimikiza zomwezo kuyambira pamenepo. Tretinoin imafuna kalata ya dokotala. Retinol ndi yofatsa ndipo imachedwerapo, koma njira yake ndi yomweyo.

Anthu ambiri amalakwitsa kadzoledwe, n'kumati mafutawo ndi oipa. Yambani ndi ya mphamvu yochepa, 0.25 kapena 0.3 peresenti. Sambani kumaso usiku, dikirani mphindi 20 kuti khungu liume, chifukwa pa khungu lonyowa imalowa kwambiri n'kuwotcha. Finyani kochepa ngati njere imodzi ya nandolo. Imeneyo ikwanira nkhope yonse. Pewani zikope, m'mbali mwa mphuno ndi m'ngodya za milomo, kenaka pakani mafuta ofewetsa khungu opanda fungo. Masabata awiri oyamba dzolani usiku uwiri pa sabata, kenaka muzidumphitsa usiku umodzi. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 12, ndipo kumaoneka bwino pa miyezi 6. Khungu likayamba kusupuka kapena kunyerenyetsa kwambiri, pumulani masiku angapo. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife a khungu lakuda, chifukwa pomwe papsa pamasiya banga lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lichoke. Mu Juni ndi Julayi, pomwe mphepo yozizira ndi fumbi la Lilongwe zimakhala zitaumitsa kale khungu, si nthawi yabwino yoyambira. Sankhani ya m'botolo losaonekera mkati, lokhala ndi kapampu, chifukwa kuwala ndi mpweya zimaipha mphamvu. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pathupi, asadzole retinol kapena tretinoin.

Mafuta oteteza ku dzuwa ali ndi umboni wawo. Ku Nambour, m'dziko la Australia, adatsatira anthu 903 osakwana zaka 55 kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2013 zidaonetsa kuti odzola tsiku lililonse khungu lawo lidakalamba mochepera ndi 24 peresenti poyerekeza ndi odzola mwa apo ndi apo. Ambiri mwa anthuwo adali azungu. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake, n'chifukwa chake makwinya amachedwa, koma mabanga ndi kusiyana kwa mtundu wa khungu zimakula ndi dzuwa. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 ndipo dzuwa lake ndi lamphamvu chaka chonse. Gulani a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi mlingo wa chitetezo chake), oteteza ku UVA ndi UVB, mitundu iwiri ya cheza cha dzuwa chomwe chimawononga khungu. Nkhope ndi khosi zimafuna pafupifupi theka la supuni ya tiyi, kutanthauza kuti chubu cha mamililita 50 chimatha m'masabata atatu. Ngati chanu chikutha miyezi inayi, mukudzola zochepa kwambiri. Mukakhala padzuwa tsiku lonse, bwerezani pa maola awiri aliwonse. Okhala ndi zinc oxide yambiri amasiya nkhope yotuwa, ndiye yesani kaye kunja kwa dzanja. Kwa abale athu achialubino mafutawa si a ukalamba chabe, ndi chitetezo ku khansa ya pakhungu, pamodzi ndi chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali.

Samalani ndi mafuta a m'misika olembedwa kuti amachotsa makwinya komanso "kuwalitsa". Mukaona mawu oti clobetasol, betamethasone, hydroquinone kapena mercury, abwezeni. Awiri oyambawo ndi ma steroid, ndipo akadzoledwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, ndipo mizere yong'ambika siichokanso. Kumeneko ndiye kukalambitsa khungu ndi ndalama zako zomwe. Choipa china n'chakuti ena salemba n'komwe zosakanizazi.

Mayina ena atatu mudzawamva. Quercetin amamugulitsa ngati wosesa maselo okalamba, koma kafukufuku wa gulu la James Kirkland mu 2015 adamuphatikiza ndi dasatinib, mankhwala a khansa ya m'magazi, ndipo kuyesa koyamba mwa anthu mu 2019 kudali kwa odwala mapapo 14 okha. Rapamycin idatalikitsadi moyo wa mbewa mu 2009, ndi 14 peresenti mwa zazikazi ndi 9 peresenti mwa zazimuna, koma ndi mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo kuno kwathu kuli TB. Metformin ndi ya odwala shuga. Atatuwa musawamwe mwa inu nokha pofuna unyamata.

Ngati muli ndi ndalama yomwe mudakonzera botolo la NMN, pa shelefu ina ya famase yomweyo pali makina oyezera BP. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS, wa mu 2009, adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. BP imaumitsa mitsempha, imatopetsa mtima ndi impso, ndipo imakalambitsa ubongo zaka zambiri munthu asanamve kupweteka paliponse. Gulani makina omanga pa mkono wa kumtunda, osati a pa dzanja, ndipo lamba wake akhale wokwana mkono wanu, chifukwa wothina amakweza nambala. Khalani pa mpando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima. Musalankhule. Yezani kawiri motalikirana mphindi imodzi, m'mawa musanamwe tiyi ndiponso madzulo, kwa masiku 7. Manambala a tsiku loyamba asiyeni, otsalawo muwerengere pakatikati pake. Akafika 135/85 kapena kuposa, tengani kabukuko mupite nako ku chipatala, ndipo mukapemphenso kuyezedwa shuga musanadye kanthu. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni ya tiyi imodzi yosasefukira, ndipo powerengera muphatikizemo timakyubu ta mu ndiwo ndi soda wa mu therere.